Ndinayamba Kupalasa Njinga Ndili ndi Imvi

Abusa, akulu a mpingo, amayi anzanga, abambo, ndi inu achinyamata mwakhala kumbuyoko, landirani moni m'dzina la Yesu. Ndathokoza kuti mwandipatsa mpata woima pano lero.

Kwa alendo amene simundidziwa, ine ndine Nachisale. Amuna anga ndi a Mbewe, awo akhala pa benchi yakutsogoloyo, ndodo ili pambali. Timakhala kutsidya kwa dambo, njira yopita ku Mkanda. Ana tili nawo awiri, onse ali kumabanja kwawo kutali. Umboni wanga ndi wa njinga. Ndaona ena mwayamba kumwetulira. Mwetulirani, palibe kanthu. Inenso sindinkadziwa kuti Mulungu angathandize munthu kudzera pa njinga yakapalasa.

Abale anga, ine ndakula osadziwa kupalasa. Kwathu njinga inali ya abambo ndi alongo athu, atsikana tinkangoipukuta fumbi. Nditakwatiwa sindinaone chifukwa chophunzirira, poti a Mbewe anali munthu wa njinga. Amene munkawadziwa kale mundivomereza. Mabelo a fodya, matumba a mtedza, nkhuni, ngakhale mbuzi yomanga miyendo, zonse zinkayenda pa kaliyala wawo. Ine kutchalitchi, kusikelo ya ana, kumaliro, ndinkangokhala cham'mbali kumbuyo kwawo, dzanja limodzi pa chishalo, n'kumaona minda ikudutsa. Zaka makumi atatu ndikuyenda choncho.

M'zaka zimenezo thupi langa linakula. Linakula ndithu. Anthu ankati ndi mtendere wa m'banja, ine n'kumavomera. Koma kumunda ndikalima mizere iwiri ndinkayamba kupuma wefuwefu. Ludzu silinkatha. Madzulo miyendo inkatupa mpaka nsapato kukana. Sindinapite kukayezetsa. Ndinkati ndi ukalamba.

Zaka zitatu zapitazo, titangokolola, tinakhala pakhonde m'mawa tikuswa mtedza. A Mbewe ankandiuza za mbewu ya chaka chamawa. Mwadzidzidzi lichero linagwa m'manja mwawo. Nditawayang'ana, pakamwa panali patakhotera mbali imodzi, akuyesa kuyankhula koma mawu osatuluka. Anansi anathamanga, tinawanyamula pa ngolo mpaka kuchipatala. Anati ndi sitiroko, yobwera chifukwa cha kuthamanga kwa magazi.

Titatuluka m'chipatala, dzanja lamanja linali lakufa, mwendo wamanja wokwakwaza. Mawu ankatuluka limodzilimodzi, enanso osamveka. Ana anabwera, anathandiza, kenako anabwerera kumabanja kwawo, monga ziyenera kukhalira. Njinga tinaipachika m'chigafa cha fodya. Tinatsala awiri.

Kuchipatala anatiuza zinthu ziwiri. Mankhwala tizikatenga mwezi ndi mwezi osadumphitsa, ndiponso tizibwera nawo odwalawo ku mafizo, aja masewera odzutsa ziwalo. Choyambacho ndinayesetsa. Chachiwiricho chinakanika, chifukwa munthu wosayenda sungamutengere kabaza sabata ndi sabata, thumba la mlimi mumalidziwa. Ngakhale ine ndemwe, itatha miyezi ingapo, ndinayamba kupita wapansi kukatenga mankhwalawo.

Tsiku lina mu Okutobala, dzuwa lija lowotcha mpaka pansi pa phazi, ndinanyamuka m'mawa. A Mbewe ndinawasiyira phala ndi madzi pafupi ndi mphasa, n'kuwauza kuti masana ndikhala nditabwera. Ndinafika, ndinaima pamzere, ndinalandira mankhwala. Pobwerera, ndisanapite patali, maso anayamba kuchita mdima. Ndikukumbuka kuti ndinafuna kukhala pansi pa mtengo, koma sindikudziwa ngati ndinafikapo. Ndinatsitsimuka ndili pa bedi lachipatala, diripi ili pamkono. Anthu odutsa ndi amene ananditola.

Anamwino anandiuza kuti ndili ndi shuga, wakwera kwambiri, ndipo magazi nawonso akuthamanga. Ine za shugazo sindinkamva n'komwe. Ndinkangoti, amuna anga ali okha, amuna anga ali okha. Anandiletsa kudzuka. Ndinagona kumeneko masiku awiri.

Zimene zinachitika kunyumba anandiuza ndi mai Jere, anansi athu, awo avala duku loyera apowo. Iwo ndi amasiye, amagulitsa tomato pa njinga. Tsiku limenelo atabwera kuchokera kumsika chakumadzulo anaona chitseko chathu chili pululu. Anawapeza a Mbewe atagona pabwalo, pakati pa nyumba ndi chimbudzi. Anayesa kupita okha, n'kugwa, n'kulephera kudzuka. Kuyambira masana anali padzuwa pamenepo, nyerere zikuwayenda, kuitana osatha. Mai Jere anaitana abambo ena, anawanyamula, anawasambitsa, ndipo anawasamala mpaka ine nditabwera.

Abale ndi alongo, pamenepo ndi pamene tinafika pansi penipeni. Nditalowa m'nyumba a Mbewe anatembenukira kukhoma. Chakudya anakana. Madzi anakana. Ndinawanyengerera tsiku lonse, ndipo mawu amene anatulutsa anali awiri okha.

"Ndine katundu."

Munthu amene ankanyamula mudzi wonse pa njinga. Ndinatuluka, ndinapita kuseri kwa nkhokwe masanasana, ndinagwada pa fumbi. Pemphero limene ndinapemphera silinali labwino, koma ndilinena poti ndaima pamaso pa Mulungu. Ndinati, Ambuye, ngati mukufuna kutitenga, titengeni tonse tsiku limodzi, chifukwa ine ndikatsogola awa aziwaona ndani, ndipo awa akatsogola ine nditsala ndi chiyani. Sindinamve yankho lililonse. Ndinadzuka, ndinasasa maondo, ndinakatsuka mbale.

Patapita sabata kunabwera alamu anga, ang'ono awo a a Mbewe. Anabwera ndi mtima wabwino. Anati njinga ikungochita dzimbiri m'chigafamo, kuli bwino igulitsidwe tithandizike nayo. Ine ndinaona kuti ndi nzeru. Koma a Mbewe, amene sabata yonseyo sanayankhule ndi munthu, anamenya pansi ndi dzanja lamanzere. Anati ayi. Kenako anandiloza ine.

"Nachisale. Akwere."

Alamu anaseka. Inenso ndinaseka, mpaka misozi. Ine, thupi lonseli, ndi imvi m'mutu, ndi adzukulu? Koma a Mbewe sanaseke. Anangondiyang'ana. Ndipo ndinakumbukira kuti anamwino ponditulutsa anati mapiritsi okha sakwanira, ndichepetse zotsekemera, ndichepetse chakudya cha m'mbale, ndipo thupi ndiziligwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku mpaka thukuta. Ndinati mumtima, ndiyese, ngakhale kungoti munthuyu ayambenso kudya.

Mmawa mwake mai Jere anandithandiza kuitsitsa njinga ija. Tinawatulutsa a Mbewe, tinawakhazika pa mpando pansi pa mango. Ndi zala ndi mutu anatilamula kuti titsitse chishalo mpaka pansi. Kenako analoza mapedulo kuti tichotse. Tinadabwa, koma tinatenga sipanala n'kuchotsa. Nzeru yawo inali yoti ndikhale pa chishalo, mapazi onse ali pansi, ndizidzikankha ngati bakha, mpaka thupi lizolowere kuima pa matayala awiri.

Tsiku loyamba ndinayenda kuchokera pa mango kufika pa nkhokwe, basi. Mtima unkagunda ngati utuluka pakamwa. Ndinakhala pansi, ndinamwa madzi, ndinati zatha. Koma tsiku limenelo a Mbewe anadya.

Tinkachita m'mawa uliwonse, dzuwa lisanakwere. Pabwalo pathu pali potsetsereka pang'ono kulowera ku khola la mbuzi. Itatha sabata ndinayamba kukweza mapazi m'mwamba, njinga n'kumayenda yokha pang'ono. Ndinkangoyang'ana tayala lakutsogolo, ndipo ndikaliyang'ana ndinkagwa. A Mbewe ankalimbana ndi lilime lawo mpaka liwu litatuluka. Ankati, maso. Tsiku lina anawonjezera, maso kutsogolo. Ndinaima n'kuwayang'ana, chifukwa liwu lalitali choncho anali asanalitchulepo chidwalireni.

Titabwezera mapedulo, mai Jere ankagwira kaliyala n'kumathamanga pambuyo panga. Mayi wamkulu kuthamangitsa mayi mnzake wamkulu, fumbi koboo. Kugwa ndinagwa, abale. Ndinagwera m'chinangwa. Ndinagwera pa mulu wa makoko a mtedza. Chitenje chinakodwa mu tcheni n'kung'ambika mpaka m'chiuno, ndipo kuyambira pamenepo ndimavala buluku mkati, musadabwe. Bondo ili lili ndi chipsera mpaka lero.

Ndiye tsiku lina ndikupalasa, ndinamva mai Jere akuseka patali. Kutembenuka, anali atandisiya kalekale. Mantha anandigwira, njinga inalunjika ku khola, ine ndaiwala chilichonse. Pamenepo ndinamva mawu amene ndinali nditawasowa miyezi yambiri, mawu enieni a amuna anga, amphamvu, omveka mpaka kwa anansi.

"Buleki, Nachisale! Buleki!"

Buleki sindinagwire. Ndinakalowa m'khola, mbuzi balalabalala. Koma ndili chigonere m'manyowamo ndinkaseka ndi kulira nthawi imodzi. Pambuyo pake a mafizo anatiuza kuti kundikalipira kuja kunali mankhwala a lilime lawo.

Kudziwa kukwera ndi china, kukhala ndi mphamvu ndi chinanso. Ine mphamvu ndinalibe. Ndikapalasa kufika pa mjigo ndinkatsika miyendo ikunjenjemera. Ntchafu zinkawawa. Pokhalira pankawawa moti pa benchi ya tchalitchi ino ndinkakhala chopendekeka, ena munkayesa ndi nyamakazi. A Mbewe sankalola kuti ndithamangire patali. Sabata yonse pa mjigo pokha. Sabata inayo, pa sukulu. Kenako kuchigayo. Ndikabwera nditatopa kwambiri, mawa lake ankandiuza kuti ndipume. Pang'onopang'ono choncho.

Anthu nawo sanakhale chete. Kumjigo ena ankati agogo akufuna kubwerera ku utsikana. Zimenezo ndinkangoseka nawo. Koma tsiku lina ndinamva mayi wina akuuza mnzake kuti, taonani, mwamuna ali gone m'nyumba, iye ali kalikiliki kusewera ndi njinga. Mawu amenewo anandilasa. Sinditchula dzina, ndinakhululuka kale. Ndinafika kunyumba, ndinaitsamiritsa njinga kukhoma, ndipo masiku atatu sindinaikhudze.

Mmawa wa tsiku lachinayi ndikuchokera kotunga madzi ndinapeza mphasa ili yokha. Ndinayesa a Mbewe agweranso pena. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba. Anadzikoka okha ndi ndodo, chogwira khoma, mpaka pamene panali njinga. Anakhala pansi, kabotolo ka oyilo atakapana ndi maondo, akudontheza pa tcheni ndi dzanja lamanzere. Ndinatula ndowa, ndinakavala buluku langa.

Chinthu chimodzi ndichenjeze anzanga a shuga. Tsiku lina ndinamwa mapiritsi n'kunyamuka osadya, poti ndinkafuna kuonda msanga. Ndili panjira thukuta lozizira linandituluka, manja kunjenjemera, mutu kuzungulira. Mwamwayi panali mayi wogulitsa nthochi, ndinagula n'kudya mpaka ndinapeza bwino. Nditakawauza anamwino anandidzudzula bwino lomwe. Anati ndizidya kaye, ndizitenga madzi ndi kanthu kotsekemera m'thumba, ndipo mankhwala ndisasiye ngakhale ndimve bwino chotani. Mpaka lero ndimatsatira zimenezo.

Mdani wanga wamkulu anali chitunda chija mukangowoloka mlatho wa padambo. Mukuchidziwa nonse. Mvula itayamba ndinali nditafika pomapalasa mpaka pa mlatho, koma chitundacho ndinkatsika n'kumakankha. Dzinja lonse ndinakankha, m'matope, nsapato m'manja. Ndinkaika chizindikiro. Lero ndatsikira pa chulu. Sabata yamawa ndatsikira pa mtengo wa mthethe. Tsiku lina ndinabwerera m'mbuyo, kutsikira pa chulu pomwe paja, n'kufika kunyumba nditakwiya. A Mbewe anati ndisalimbane nacho, ndizipuma mofatsa, ndiziyamba pang'onopang'ono m'munsi kuti mphamvu ndikaipeze pamwamba.

Chimanga chitayamba kuuma m'minda, mmawa wina ndinangoona chulu chadutsa, mthethe wadutsa, miyendo ikupitabe. Ndinafika pamwamba osaponda pansi. Panalibe munthu woona. Ndinaimika njinga, ndinakhala m'mbali mwa msewu, ndinati zikomo Yesu, zikomo Yesu, mpaka mpweya utabwerera. Mwezi umenewo mankhwala ndinakatenga pa njinga, ndipo ndinabwera phala la a Mbewe lisanazizire bwino.

Chimene ndinkafuna kwenikweni chinali kuwatengera iwowo ku mafizo. Nditawauza anakana. Anati ndiyambe ndanyamula zinthu zimene zikagwa sizimva kuwawa. Ndinayamba ndi chigubu cha madzi. Kenako theka la thumba la mtedza. Kenako thumba lathunthu la chimanga, kupita nalo kuchigayo ndi kubwera. Njinga yolemedwa kumbuyo imavina, abale, mahandulo amafuna kukuthawa. Miyezi iwiri ndinayenda ndi matumba. Tsiku limene ndinalowa pabwalo ndi ufa osagwedezeka, a Mbewe anagwedeza mutu, n'kunena kuti Lachinayi, tsiku la mafizo.

Lachinayi limenelo mantha anandigwira kuposa tsiku lina lililonse. Munthu wa sitiroko akagwa pa njinga, mbali yakufayo sangadzitchinjirize nayo. Tinapemphera kaye pakhonde. Tinayala pilo pa kaliyala. Mai Jere anasiya tomato wawo tsiku limenelo, anawakweza a Mbewe, anamanga phazi lodwalalo kuti lisalowe m'masipoko, kenako anatenga chitenje n'kutimanga m'chiuno tonse awiri pamodzi. Dzanja lamanzere la a Mbewe linandigwira pamimba. Mai Jere anakwera yawo n'kumatitsatira pambuyo.

Chaka ndi miyezi munthuyu anali asanatuluke m'mudzi. Ndinkamva mpweya wawo pamsana panga. Tikudutsa padambo anaona anthu akuthirira nazale za fodya, anayamba kutchula maina a eni madimba mmodzimmodzi. Anthuwo anasiya makheni, anaima, ena anakweza manja. Sindinathe kubweza moni, maso anali panjira.

Tinawoloka mlatho, tinayamba chitunda. Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinakwera mpaka pamwamba, koma ndinama m'nyumba ya Mulungu. Pa chulu ndinadutsa. Tisanafike pa mthethe miyendo inauma, njinga inayamba kupendama. Ndinaponda pansi msanga, mai Jere anataya yawo n'kudzagwira. Tinaima pakati pa chitunda, ine ndikupuma ngati ng'ombe ya pangolo, manyazi atandigwira. Ndinati tiwasiye pa kaliyala pomwepo, awirife tikankhe. A Mbewe anakana.

"Masulani. Ndiyenda."

Tinamasula. Anatsika, anagwira kaliyala ndi dzanja lamanzere, mai Jere atawachirikiza mbali inayo. Ine ndinagwira mahandulo. Njinga ikasuntha pang'ono, iwo phazi limodzi, kenako kukoka linalo. Tinatenga nthawi yaitali. Akabaza ankatidutsa, ena kuima kuti athandize, iwo n'kumakana ndi mutu. Anayenda kuchokera pamenepo mpaka pamwamba. Chidwalireni anali asanayendepo mtunda wotero. Pamwambapo anapukuta thukuta ndi kolala, anandiyang'ana, n'kunena kuti pobwerera ndi kotsetsereka, ndisaiwale buleki.

Kuyambira tsiku limenelo ku mafizo sitinajombe, kupatula pamene mlatho unasefukira.

Tsono ndinene za lero, mosawonjezera. Shuga sanathe. Mapiritsi ndimamwa, ndipo ndidzamwa. Koma ndikapita kukayezetsa anamwino amamwetulira, akuti ali pabwino, magazi nawonso akhazikika. Miyendo inasiya kutupa. Madiresi anga onse ndinakabweza kwa atelala. Munda ndimalima ndekha kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu, ndipo chaka chino mtedza ndinatuta ndekha pa njinga. Ndimagona tulo tabwino.

A Mbewe dzanja lamanja silinabwerere. Mwina silidzabwerera, Mwini wake ndiye akudziwa. Koma amayenda ndi ndodo mpaka kudimba. Amadzisambitsa okha. Njinga amaisamala ndi iwo, ine ndimangokwera. Chubu chikaphulika ine ndimagwira, iwo amamata. Anthu a m'mudzi ayamba kubweretsa njinga zawo pansi pa mango paja kuti awauze chavuta, ndipo pakhomo pathu sipakhalanso zii ngati kale.

Lachitatu masana pa bwalo la sukulu pamabwera amayi atatu amene akuphunzira. Wamkulu mwa iwo amandiposa zaka. Timayamba ndi kuchotsa mapedulo. Amayi anzanga, amene muli ndi njinga pakhomo koma mumadikira kuti wina akunyamuleni, bwerani. Mudzagwa, sindikubisirani, koma pabwalopo pali mchenga.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanayankhe pemphero langa la kuseri kwa nkhokwe monga ndinapemphera. Ndikuthokoza mai Jere. Mayi inu, zimene munatichitira sindingathe kubweza, akubwezereni Ambuye. Ndikuthokoza anamwino ndi a mafizo, amene satopa nafe. Ndikuthokozanso amayi a mpingo uno amene munkabwera ndi nkhuni ndi ufa nthawi imene sindinkatha kudzuka.

Pomaliza ndili ndi chopempha. Mwana wathu wamkazi amene anakwatiwa ku Chiosya wachira sabata yatha, kwabadwa mwana wamwamuna. Loweruka likubwerali ndikupita kukamuona, ndekha, pa njinga. Ulendo wautali chotere sindinayendepo. Dzulo masana a Mbewe anaunika matayala onse awiri, anamangitsa mabuleki, kenako anandiitana. Anayankhula pang'onopang'ono, koma mawu onse anatuluka, palibe limene linatsalira.

"Nachisale, mukaione bwino njirayo, mukaloweze pamene pali mchenga ndi pamene pali zitunda. Mukamuuze mdzukulu wangayo kuti ulendo winawo tibwera awiri."

Ndiye abale ndi alongo, mundipempherere miyendo. Ambuye akudalitseni nonse. Ameni.